Nasilele ndi Phiri la Zaka Khumi

Nasilele anali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Ankakhala ku Nyimba, pafupi ndi sukulu. Ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuti amai ake akwere phiri.

Phirilo linali ku Kacholola. Amai ake, a Perpetua, analiona tsiku la ukwati wawo. Analionera pa lole, atavala diresi loyera.

"Nifuna kukakwela paja," anatero.

"Palibe vuto," anayankha amuna awo, Bambo Sitali. "Nizakupelekani."

Chaka chinatha. Zaka ziwiri zinatha. Nasilele anabadwa, anakwawa, anayenda, anayamba sukulu. Phiri linali pompaja. Amai anali asanakwerebe.

Bambo Sitali anali mphunzitsi. Anachokera kutali, ku Mongu. Anali munthu wabwino, koma anali ndi matenda amodzi. Sankadziwa kukana. Munthu akapempha kanthu, iwo ankati, "Palibe vuto." Ulendo wa kuphiri unkafera pomwepo.

Tsopano zaka zinakwana khumi. Tsiku lokumbukira ukwati linagwa Loweruka.

"Atate, mailo tiyenda," anatero Nasilele Lachisanu madzulo. "Musavomele kanthu."

"Palibe vuto," anatero atate.

Loweruka m'mawa amai anavala nsapato zatsopano. Atate anavala suti ya safari. Nasilele ananyamula dengu. M'dengumo munali mabanzi, mazira owiritsa ndi botolo la chakumwa cha munkoyo.

Koma ku Nyimba ulendo subisika. Ukamapita kwina, umanyamulirako anzako.

Amai Bernadette, oyandikana nawo nyumba, anabwera akuthamanga.

"Muyenda ku Kacholola? Nipelekeleniko mchele uyu kwa amai anga."

Masiku amenewo mchere unkasowa m'masitolo. Nasilele anayang'ana atate. Mwanayo anapukusa mutu.

"Palibe vuto," anatero atate.

Kenako kunabwera Bambo Cosmas, atcheyamani a chipani.

"Muyenda ku Kacholola? Nipelekeleniko kalata iyi kwa mng'ono wanga."

"Palibe vuto," anatero atate.

Kenako kunabwera Bambo Gideon, telala wa pamsika.

"Muyenda ku Kacholola? Nipelekeleniko diresi ili kwa Amai Virginia. Akhala mutsinde mwa phili."

"Palibe vu..."

"Atate!" anakuwa Nasilele.

"...to," anamaliza atate.

Nasilele anafwenkha mphuno. Mtima wake unatentha. Amai anangoyang'ana nsapato zawo.

Basi inafika. Anakwera. Basi inatsika, inakwera, inakhota, inakhotanso. Anafika ku Kacholola dzuwa lili pakati. Phiri lija linali apo, lalikulu, lobiriwira.

"Tiyeni!" anatero Nasilele.

"Tiyambe tapeleka katundu wa eni ake," anatero atate.

Anapita kunyumba yoyamba.

"Odi!"

"Odini!"

Amai ake a Bernadette anayala mphasa. Moni unayamba. Muli bwanji? Ana ali bwanji? Ku Nyimba kuli bwanji? Nanga chifuwa cha Bernadette? Nanga mbuzi ija yothyoka mwendo?

Nasilele anayang'ana dzuwa. Dzuwa linali kuyenda.

Mchere unaperekedwa. Koma mlendo sachoka chimanjamanja. Anawapatsa dzungu. Dzungu lake linali lalikulu ngati mtsuko.

Anapita kunyumba yachiwiri.

"Odi!"

"Odini!"

Mng'ono wa a Cosmas anatulutsa mipando. Moni unayambanso. Kenako anati, "Aphunzitsi, maso anga avuta pang'ono. Niwelengeleniko." Atate anawerenga kalata yonse. Inali ya masamba anayi. Mwini wake anaikonda kwambiri. Anapempha kuti aibwereze.

"Palibe vuto," anatero atate.

Nasilele anayang'ana dzuwa. Dzuwa linali litapendeka.

"Atate, dzuwa!" ananong'ona.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," anatero atate.

"Ine sinifuna maso a nkhono. Nifuna phili!"

Kalata inaperekedwa. Anawapatsa mtolo wa nzimbe.

Taonani tsono! Anabwera ndi kathumba ka mchere ndi kalata. Tsopano atate anasenza nzimbe. Amai anasenza dzungu. Nasilele anakoka dengu. Katundu sanachepe. Katundu anachuluka. Ndani angakwere phiri ndi dzungu pamutu?

Anafika kunyumba yachitatu. Inali m'tsinde mwenimweni mwa phiri.

"Odi!"

"Odini!"

Amai Virginia anali mayi wamkulu thupi, wa mawu aakulu. Ataona diresi, analulutira. Analivala. Anazungulira. Anazunguliranso.

"Alendo abwino chonchi!" anatero. "Khalani pansi. Lelo mudya nkhuku!"

Anatenga mpeni. Anayamba kuthamangitsa tambala.

Nasilele anadziwa bwino za nkhuku. Kuigwira, kuipha, kuisosola, kuiphika. Pofika pakudya, dzuwa likhala litalowa. Ndipo mawa m'mawa basi ibwerera ku Nyimba.

Anayang'ana amai. Amai anakhala pamphasa. Anavula nsapato zawo zatsopano. Anazipukuta fumbi, naziika pambali.

"Basi, mwananga," anatero amai motsitsa mawu. "Tizakwela chaka cha mawa."

Nasilele anamva chisoni. Anamvanso mkwiyo. Chaka cha mawa! Mawu amenewo anawamva chaka chatha. Anawamvanso chaka chinacho.

Kukana chakudya cha mwini nyumba ndi mwano. Nasilele ankadziwa zimenezo. Koma ankadziwanso china. Amene amatuma anzake, nayenso amatumika.

Anapita kwa Amai Virginia. Anagwada. Anaomba m'manja, monga anamuphunzitsira atate.

"Amai, nili na pempho."

Amai Virginia anaima, tambala ali m'khwapa.

"Kamba, mwana."

"Ife tanyamulila anthu kuchokela m'mawa. Manje imwe mutisungileko. Mutisungile dzungu. Mutisungile nzimbe. Mutisungilenso nkhuku, tizadya pobwela."

"Pobwela kuti?"

"Kuphili. Atate analonjeza amai pa ukwati. Lelo zakwana zaka khumi."

Amai Virginia anatsegula pakamwa. Tambala anagwa pansi, nathawa.

"Zaka khumi?" anafuula. "A Sitali! Zaka khumi, phili lili pano, silinasamuke? Mulibe manyazi?"

Atate anakanda m'mutu.

"Nanga anthu akapempha..."

"Akazi anu si munthu? Sindiwo anayamba kupempha? Nyamukani!"

Amai Virginia analanda dzungu. Analanda nzimbe. Anatola nsapato, nawapatsa amai m'manja.

"Valani, Amake Nasilele. Mupite kuseli kwa nkhokwe. Pali kanjila kachidule. Musaime. Munthu akakupatsani moni, muyankhe mukuyenda!"

Anakwera.

Anakwera pamiyala. Anakwera pakati pa mitengo ya masuku. Nasilele anali patsogolo. Amai anali pakati. Atate anali kumbuyo, akupuma wefuwefu. Suti ya safari inanyowa ndi thukuta.

"Tipumeko," anatero atate.

"Mwapuma zaka khumi," anatero amai.

Anakwera. Anakwera. Anakwerabe.

Kenako mitengo inatha. Panali thanthwe lalikulu, losalala. Anafika pamwamba! Dzuwa linali likadalipo.

Amai anaima njii. Anaona mapiri kutsogolo. Anaona mapiri kumbuyo. Anaona msewu waukulu pansi, wopyapyala ngati ulusi. Pamsewupo pankayenda kalole kakang'ono ngati nyerere.

"Ninali paja," anatero amai, akuloza. "Mu diresi loyela."

Misozi inatsika. Koma amai anali kuseka.

Atate anavula chipewa.

"Perpetua, nachedwa. Munikhululukile."

"Mwachedwa zoona," anatero amai. "Khalani pansi."

Anakhala pathanthwe onse atatu. Nasilele anatsegula dengu. Anagawa mabanzi. Anasenda mazira. Amai sanaphike. Amai sanatsuke mbale. Anangotambalala, namwa munkoyo. Nasilele anasangalala kwambiri.

Mwadzidzidzi tchire linagwedezeka. Munatuluka bambo wina wofula njuchi. Ananyamula chigubu cha uchi.

"Aa, aphunzitsi a ku Nyimba!" anatero. "Mwachita bwino kubwela. Nipelekeleniko uchi uyu kwa mlongo wanga. Koma tiyambe tapita kunyumba, mukaone ana. Si patali."

Nasilele anagwira mutu. Pamwamba pa phiri pomwe!

Atate anatsegula pakamwa.

"Palibe vu..."

Amai anatenga banzi lonse. Analiika m'kamwa mwa atate.

"Uchi mubweletse mailo kubasi, bambo," anatero amai. "Lelo a Sitali ni anga."