Yemwe Ankakhalira Sinomobilo ya Dixon

Dixon anazindikira chodabwitsacho m'mawa wina wa Januwale, chaka cha 2004, atalowa m'galaja kukatenga fosholo yochotsera chipale pakhomo. Sinomobilo yake, njinga yamoto yoyenda pachipale ija, yokhala ndi timatabwa tiwiri totsetsereka kutsogolo ndi lamba wamkulu kumbuyo, inali itakhala pansi chakumbuyo ngati galu wodikira fupa. Dzulo lake anaisiya ili njo. Anagwira chitsulo chakumbuyo n'kukoka, koma chinakana. Atakoka mwamphamvu chinalira kuti kwiii, kenaka chinakwera monyinyirika.

Dixon sanali munthu wodabwa nthawi yaitali. Anabadwira ku Ntchisi, kumene chipale ankangochiona pa makadi a Khirisimasi, koma zaka zochepa za ku South Bend, ku America, zinamukwanira kukhala katswiri wa chilichonse, makamaka m'maso mwake. Njingayo anaigula kwa mayi wina wamasiye wa ku Beech Grove, ndipo Amalawi anzake ataiona anaseka mpaka kugwira nthiti. Iye sanasamale. Tsono atapeza itakhala pansi anangoti, "Ndi masipuling'i basi, atopa." Anatenga sipanala, n'kutembenuza kachipika kolimbitsira masipuling'i mbali zonse ziwiri. Anadinikiza mpando, unabwerera bwinobwino. Anapukuta m'manja ali ndi mtima wa munthu amene wagonjetsa dziko la America.

M'nyumbamo ankakhala anthu anayi: Dixon, mkazi wake Chrissie, khanda lawo Madalo, ndi mayi ake a Chrissie, aNachisale, amene anabwera kuchokera ku Dedza kudzathandiza kulera mwana. Iwowa ankagona m'kachipinda koyandikana ndi pabalaza, kopanda chitseko, kongotchinga ndi katani. Pa za ulemu Dixon analeredwa bwino. Apongozi sankawayang'ana kumaso, kukatani kuja sankayandikirako, ndipo uthenga uliwonse unkadutsa mwa Chrissie. Dixon ankagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, ndipo ankaweruka usiku anthu onse atagona. Galimoto ankaisiya panja. Akalowa ankavula malaya, n'kudzitaya pasofa ndi mbale yake, TV ili chiyatsire, mwina mpaka tulo kumupeza pomwepo.

M'mawa wotsatira njinga ija inali itakhalanso pansi.

Analimbitsa masipuling'i mpaka pomaliza. Anagogoda madzi oundana onse amene anamatirira pansi pa mpando, poganiza kuti ndiwo akulemera. Anayang'ana mabawuti ndi timawilo ta lamba, zonse zinali bwino. Anaitanitsa masipuling'i atsopano n'kuwamanga yekha Lamlungu masana, zala zitachita dzanzi. Masana njinga inkaima chilili, koma kukacha inkapezeka itagwada, ndipo Dixon anaona kuti masiku amene iye wagona pasofa mpaka m'bandakucha, ndi pamene inkatsika kwambiri.

Nkhaniyi anaifotokoza kutchalitchi, pa chakudya cha pamodzi, akuseka. Mnzake Edmond anasiya kutafuna.

"Achimwene, mwatcheka zonse?"

"Zonse. Ndatchenja masipuling'i, ndakilina, ndaika gilizi. Palibe."

"Nanga zinayamba liti?"

Dixon anaganiza pang'ono. "Chapompano. Apongozi atangofika kumene."

Anayankha ngati munthu wowerenga kalendala, koma anthu patebulo anayang'anana. Theresa, mkazi wa Edmond, anayang'ana mbale yake nthawi yaitali. Mawu akatuluka sabwezedwa ndi sipanala. Sabata isanathe, mafoni anali atalira kuchokera ku South Bend mpaka ku Indianapolis. Ena ankati mwini wake woyamba wa njingayo anafera pomwepo ndipo amabwera kudzaikwera. Koma ambiri anakonda nkhani inayo, yoti gogo wa kwa Dixon amauluka nayo usiku kupita ku Dedza, n'kubwera nayo itatopa. Anthu a madigiri awiriawiri ankanong'onezana zimenezi m'makoridoo a zipatala, ndipo pomaliza ankati, "Ife sitikhulupirira, komabe."

Nthawi yomweyo aNachisale anayamba kutsokomola. Chinali chifuwa chouma, chochokera pansi, ndipo m'mawa ankadzuka maso ali gwa, milomo itasweka, m'nyumba yofunda chotero. Zimenezi nazonso zinawerengedwa. "Mphepo ya m'mwamba si yamasewera," anatero wina. Kutchalitchi amayi anayamba kukokera ana awo pafupi gogoyo akamadutsa.

"Ukudziwa zimene akunena za amayi anga?" Chrissie anafunsa usiku wina monong'ona, misozi ili m'maso. "Theresa wandiuza kuti ndisamawasiyire mwana. Mwana wanga, Dixon! Amayi anga anabwera kudzandithandiza, abwerere kumudzi ndi dzina la ufiti?"

"Ndi makina awa, Chrissie. Chilichonse cha makina chili ndi chifukwa chake. Ndichipeza."

Ananena molimba mtima, ndipo ankakhulupiriradi. Koma ankadziwanso pakamwa pamene nkhaniyo inatulukira.

Usiku wotsatira, ali pasofa, anamva phokoso lija. Anachepetsa TV. Kunja mphepo yochokera kunyanja inkaomba mawindo, firiji inkang'ung'udza, ndipo pansi pa zonsezo panamveka kwiii, chapansipansi, kuchokera kugalaja. Kenaka kunamveka kamawu kochepa, kosatseguka pakamwa, kokwera ndi kutsika ngati munthu akuimba ali kutali kwambiri. Anadzuka, anadutsa m'khichini mosaponda kwambiri, ndipo atangogwira chitseko cha kugalaja kamawu kaja kanaduka. Getsi la m'galajamo linali lofooka, lotenga nthawi kuti liwale kukazizira. Anaona mashelefu, anaona chifiriji chachikulu cha nyama pakona, anaona njinga itagwada. Munalibe munthu. Mpweya wake womwe unkaoneka ngati utsi. Anatambasula dzanja n'kugwira mpando wa njingayo, ndipo mpandowo unali wofunda.

Anabwerera chafutambuyo, anakhoma chitseko, koma atafika pamasitepe anabwereranso kukatsekula loko, osadziwa chifukwa chake. Sanagone.

Kutacha anamasula shoko, chitsulo chonga pampu chimene chimaletsa kumbuyo kudumphadumpha, n'kuyendetsa galimoto mpaka ku Speedway kwa Chester, makaniko wachikulire amene anamuthandiza pogula njingayo. Chester anaikankha shokoyo pabenchi, anaigwedeza pafupi ndi khutu, n'kufotokoza m'Chingerezi chake chaulesi. Anati yalowa madzi. Ikakanikizidwa nthawi yaitali pozizira, madziwo amaundana ndipo imagwira pomwepo, osabwerera mpaka itafunda.

"Ndiye vuto ndi shoko," Dixon anatero, mtima ukutsika.

Chester anapukusa mutu. Anati shokoyo imangogwira pamene yasiyidwa, siitsika yokha. Masipuling'i atsopano sangagonje popanda katundu. Pali chimene chimakhala pampandopo usiku, ndipo chimakhalitsa.

Ulendo wobwerera unali wautali. Dixon anaganiza za mzungu wakufa uja, mwini wake woyamba wa njingayo, anaganiza za katani ija, ndipo anachita manyazi kuti waiganizira. Kufunsa apongozi sakanatha. Mkamwini amayamba bwanji funso lotero? Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Anabwezera shoko ija pamalo pake madzulo omwewo, n'kupita kuntchito tochi ili m'thumba.

Ataweruka anaimika galimoto pamalo a masiku onse, n'kumenyetsa chitseko monga mwa chizolowezi. Koma sanalowere kukhomo. Anazungulira nyumba, chipale chikumira mpaka m'mawondo, n'kukaima pa kachitseko kam'mbali ka galaja. Anadikira. Kuzizira kunamuluma makutu. Kenaka anamva chitseko cha kukhichini chikutseguka pang'onopang'ono, mapazi okhwekhwereza pasimenti, ndi kulira kuja, kwiii. Patapita kanthawi kamawu kaja kanayamba. Ali pafupi chotero anaizindikira nyimboyo. Inali ya m'buku la nyimbo za Mulungu, imene amayi ake omwe ankaimba posenda nyemba.

Anakankha chitseko n'kuyatsa tochi.

Pampando panakhala aNachisale, cham'mbali ngati pa njinga ya kabaza, atafunda zitenje ziwiri ndi kajuzi kopyapyala, kumapazi kuli masilipasi. Ankanjenjemera thupi lonse. Kuwala kutawagwera anaphimba nkhope n'kutembenukira kukhoma. Dixon naye anagwetsa tochi pansi, anatembenuka, n'kunjuta pafupi ndi chitseko atawapatsa msana. Anakhala choncho anthu awiri, wina kuyang'ana khoma ili, wina khoma ilo.

"Pepani," Dixon anauza khoma. "Kodi amayi akudwala? Kunja kuno n'kozizira."

Anatsokomola nthawi yaitali asanayankhe, ndipo nawonso anayankha khoma lawo.

"Eni nyumba akabwera kuntchito amafuna kupuma. Amavula malaya, amadya, amagona pampando. Pakati pathu pali nsalu yokha. Ine ndingagone pamenepo, ndikumva mkamwini akutafuna, iye akumva ine ndikutembenuka? Sitinaleredwe choncho. Ndiye ndikamva galimoto ndimapatuka. Simenti imazizira, mpando ulipo ndi uno."

"Mpaka ine kukwera kukagona?"

"Mpaka masitepe alire. Dzulo ndinabisala kuseri kwa firiji. Ndinaopa kuchititsa manyazi."

Dixon anakumbukira mausiku onse amene anagona pasofa mpaka kucha, mimba ili pamtunda, TV ikulankhula yokha.

"Chrissie akudziwa?"

"Mwana ali ndi khanda, agone. Ndimuuze kuti mwamuna wake asamapume m'nyumba yake?" Anapuma movutikira. "Koma zinazo ndazimva. Makutu ndili nawo. Ana kutchalitchi akundithawa. Akuti ndimauluka."

"Mawa ndikaima pamaso pa onse. Ndinayambitsa ndine, ndikakonza ndine."

"Mukanene, n'zabwino. Koma mumuuze Chrissie andipezere tikiti. Kwathu munthu ukapatukira mkamwini umakhala pakhonde, anthu odutsa n'kumati mayi uyu ndi waulemu."

Dixon anavula chijasi chake. Kuwafunditsa ndi manja ake sakanatha. Anachitambasulira kumbuyo osacheuka, n'kuchikoleka pa chiwongolero cha njingayo, pamene akanatha kuchifikira. Kenaka anatuluka panja ndi malaya okha, anatseka kachitseko, n'kuima m'chipalemo kuti apongozi ake alowe m'nyumba.