Akuti Malo Adzaza

Pali chinthu chimene Kadontho sanauzepo munthu, ngakhale amayi ake omubereka. Mwana akagona masana, iye ankatenga kakapu koyezera mankhwala a chifuwa, n'kuthiramo madzi, n'kugwada kuti maso alingane ndi kamzere, monga anamuphunzitsira ku labotale. Akatha ankataya madziwo n'kuthiramo ena. Palibe chimene ankayeza. Ankangofuna kuti manja asaiwale.

Nanga zoterezi n'kuuza ndani? Akanangomuseka, amvekere, "Mayi wa mwana wathunthu kumasewera ndi madzi!"

Dzina la Kadontholi anamupatsa ndi mwamuna wake. Anakumana m'labotale ya kukoleji, iye atangoyamba kumene maphunziro a sayansi. Mnyamatayo anali wosamalira labotaleyo. Ndiye ankasunga makiyi, kutsuka machubu agalasi ndi kugawira ophunzira zipangizo. Tsiku limenelo ankaphunzira kudonthezera mankhwala m'botolo mpaka madzi atasintha mtundu. Mtsikanayo anatsegula kampopi mopitirira. Madzi onse anangoti psuu!

"Asisi, mukuthirira dimba kapena?" anafunsa mnyamatayo akuseka.

Iye anazolika, manyazi atamugwira mpaka m'makutu.

"Musalire. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kadontho kamodzi, mudikire. Kenanso kamodzi, mudikire."

Anayesanso. Madzi aja anasanduka apinki wotuwa, ndendende mmene ankafunira Madamu, mphunzitsi wawo wa sayansi.

"Mwaona? Kuyambira lero ndinu Kadontho."

Madzulo ake foni inalira. "Kadontho, wafika bwino? Labotale ikakhala yopanda iwe imangonunkha sopo." Mawa lake unabwera uthenga wina. "Duwa langa, ndaswa machubu awiri chifukwa choganiza za iwe. Udzalipira ndi kumwetulira." Mtsikana amene kusekondale anyamata ankamudutsa ngati mtengo wa magetsi, lero wina akumutchula duwa! Mtima ukanakana bwanji?

Amayi ake anayesa kumuletsa. "Mwanawe, bwanji osamaliza kaye sukulu? Mwamuna sawola."

Koma mnyamata uja anali atalonjeza, atamugwira manja onse awiri. "Ukwati si manda a sukulu. Ine ndimagwira ntchito pomwepo, malo ako ndidzawalondera ngati mlonda wa banki. Sudzalira uli ndi ine."

Anakwatiwa asanakwanitse zaka makumi awiri. Posakhalitsa anakhala ndi pakati, ndipo anaimika sukulu. Anati n'kwa chaka chimodzi chokha.

Nyumba yawo inali ya chipinda chimodzi, windo lake loyang'anizana ndi khoma la anansi. Mwamuna akachoka m'mawa, munkatsala matewera pachingwe, mpopi wodontha ndi iye. Anzake a m'kalasi ankaika zithunzi pafoni atavala majasi oyera, akuseka. Iye ankalemba kuti "Mwatchena, anzanga," kenako n'kufufuta osatumiza. Amayi akaimba ankayankha kuti, "Ndili bwino, amayi, banja likukoma." Akadula foni, m'nyumba munkangoti zii.

"Bambo a mwana, mwawafunsa Madamu za malo anga?" anafunsa tsiku lina akumuthirira madzi osamba.

"Ndafunsa, wokondedwa. Akuti malo adzaza chaka chino. Dekha, Kadontho kanga, chaka chamawa si kutali."

Mwana anayamba kukwawa. Kadontho anafunsanso.

"Akuti ophunzira achuluka, matebulo achepa. Ndawachonderera mpaka kukhosi kuuma. Anthu aja n'ngouma mtima."

Mwana anayamba kuyenda, kenako kutchula "mama". Kadontho analeka kufunsa. Ankadziuza kuti mwina Madamu anamuiwala, kapena sanali wanzeru monga ankadziganizira. Kodi munthu wofunika amasowa tebulo limodzi?

Tsiku lina m'mawa unabwera uthenga. "Duwa langa, ndaiwala makiyi a labotale pamsomali wa kuseri kwa chitseko. Thamanga nawo. Uwasiye kwa mlonda pageti, usavutike n'kulowa, dzuwa lingawotche mwana."

Anabereka mwana, n'kukwera basi. Pageti anapeza mlonda akukangana ndi dalaivala wa lole ya mchenga.

"Amayi, simukuona ndili pankhondo? Lowani nokha, njira n'njomweyi."

Analowa. Miyendo inakumbukira yokha masitepe aja. Fungo la mankhwala linamupeza asanafike n'komwe, ndipo m'maso munayamba kulengeza misozi. Pakhonde la labotale panali ophunzira ataunjikana, majasi oyera ali m'manja, ndipo pakati pawo panali Madamu akuyang'ana wotchi.

"Ndabweretsa makiyi," anatero Kadontho motsitsa, ngati wolakwa.

Madamu anatsitsa magalasi. "Iwe! Si iwe wa patebulo la pawindo? Wakula bwanji! Ndi mwana wako ameneyu?"

"Eya, Madamu."

"Unandikhumudwitsa, mwanawe. Mutu ngati wako, kukana kubwerera?"

"Kukana, Madamu?"

"Eya. Chaka chilichonse ndimamutuma mwamuna wako uja kuti akuuze malo alipo. Yankho limabwera lomwelomwelo, lakuti zasukulu zinakukwana ndipo banja lakukwanira. Ndinapempha nambala yako, iye akuti sufuna kuvutitsidwa."

Makiyi anagwa pansi kuti ngwee! Mwana kumbuyoko ankamukoka tsitsi, koma Kadontho sanamve kanthu.

Nthawi yomweyo mwamuna wake anatulukira akuthamanga kuchokera kugeti, thukuta lili kamukamu. Ataona nkhope ziwirizo anaima.

"Kadontho, ndinati usiye kwa mlonda..."

"Munati malo adzaza."

"Tikakambirane kunyumba, duwa langa. Anthu akutiona."

"Munati mwachonderera mpaka kukhosi kuuma."

Mwamunayo anasendera pafupi n'kuyankhula monong'ona. "Ndinkaopa, wamva? Ukadzamaliza udzakhala bwana muno, ine ndikukutsukira machubu. Udzandiyang'ananso? Ndinachita chifukwa ndimakukonda!"

Chikondi chanji chimenechi? Masana onse aja a zii, misozi yonse imene anapukutira pa thewera la mwana podziyesa wosafunika, munthu ameneyu ankadziwa zoona zake, n'kumabwera madzulo kudzamupsompsona pachipumi! Chopweteka kwambiri chinali chakuti pomuyang'ana ataima chomwecho, kolala ya shati yomwe anamusitira m'mawa itanyowa, mtima wake unkamumverabe chisoni.

Madamu anatola makiyi aja n'kupatsira wophunzira wina kuti atsegule. Kenako anatembenukira Kadontho.

"Nthawi yonseyi ndakhala ndikufunsa munthu wolakwika. Lero ndikufunsa mwini wake. Ukufuna chiyani?"

Ophunzira sanalowe. Onse anali maso pa iye. Kadontho, amene m'kalasi sankakweza dzanja ngakhale yankho akulidziwa, anadzutsa mutu.

"Wokondedwa, ganizira mwana," anatero mwamuna wake.

Kadontho anakweza mwanayo pamsana, n'kumangitsa nsalu pachifuwa. Mawu oyamba anatuluka motsitsa.

"Madamu, mwanayu akagona ndimagwada n'kumayeza madzi m'kakapu ka mankhwala, ndekhandekha, kuti manja asaiwale. Sindinauzepo munthu."

Kenako anayang'ana mwamuna wake m'maso, ndipo ulendo uno mawu ake anamveka mpaka kumapeto kwa khonde.

"Sindinakanepo ine. Ndikufuna kubwerera."