Penaia, Mphwake wa Sajeni

Penaia anakulira m'banja lopemphera pachilumba cha Savai'i. Masiku amenewo belu la madzulo likalira mudzi wonse unkakhala pansi n'kuyamba nyimbo, ndipo mawu a bambo ake, a Tuiloma, amene anali adikoni, ankamveka mpaka kunyanja. Amalume ake, Sajeni Saolele, ndiwo ankaimira apolisi pa milandu kukhoti.

Amene anamulawitsa mowa wofulula kutchire ndi mnzake Kolio.

"Ukuopa chiyani, mwana wa adikoni? Amalume ako akangoti 'tauchotsa mlandu,' woweruza amangogwedeza mutu."

Penaia ataba nkhumba ya a Leota, oyandikana nawo nyumba, bambo ake anachita mwambo wopepesa. Anakagwada pabwalo la a Leota m'mamawa atafunda kumutu mkeka waulemu, mpaka mwini nyumba anatuluka n'kuwavundukula. Kukhoti amalume anapempha kuti mlandu uchotsedwe poti mabanja agwirizana. Woweruza anavomera.

"Mwanangawe, wakutulutsa ndi mawondo angawa," anatero a Tuiloma.

"Anakutumani ndani kukagwada? Ine anditulutsa amalume."

Sipanapite nthawi, ataledzera, anamenya mwana wa a Leota ndi botolo n'kumuphwanya diso. A Tuiloma anafundanso mkeka pabwalo la a Leota. Dzuwa linakwera, linafika pamutu, linapendeka, koma m'nyumbamo simunatuluke munthu. Madzulo abale anawanyamula atakomoka.

Penaia anafika kukhoti akuimba likhweru. Amalume akudutsa pakhonde, iye anawakoka malaya.

"Muchite changu lero, amalume. Masana ndili ndi mpira."

"Mphwanga, ndimapempha woweruza ngati wolakwiridwa wakhululuka. A Leota sanakhululuke. Mlandu wako ndaupereka kwa wapolisi mnzanga."

"Ndiye usajeni wanuwo ndi wa ntchito yanji?"

A Saolele anakakhala kumbuyo, pabenchi ya anthu wamba. Woweruza atagamula kuti mnyamatayo akakhale kundende zaka zingapo, Penaia anatembenuka n'kuyang'ana abale ake.

"Mukudikira kuti ndilire? Mudikira mpaka kale."

Kolio sanabwere n'komwe.

A Tuiloma sanapezenso mphamvu chichokere padzuwa paja. Anamwalira chaka chisanathe, ndipo anaikidwa kutsogolo kwa nyumba yawo mwana wawo ali m'ndende.

Achinyamata, musachimwe podalira kuti muli ndi m'bale kupolisi. Wapolisi angathe kupempha kuti mlandu uchotsedwe, koma sangakakamize munthu amene mwamupweteka kuti akukhululukireni. Ndipo makolo amene amakugwadirani nawonso thupi limawathera.