Ulusi Wobiriwira wa pa Manda a Shehe

Ine Musallam ndimayendetsa boti pa loji ya alendo owedza nsomba kuno ku Dhofar, ndipo bodza ndimasiyira alendowo akamasimba kukula kwa nsomba zimene zinawapulumuka. Izi ndinaona ndi maso anga. Mboni ina ndi amalume anga a Bakhit. Mukawafuna simuvutika, poti sachoka pano.

Loji yathu ili pamene mtsinje umathira m'nyanja yamchere, ulendo wa maola asanu kuchokera ku mzinda wa Salalah. Azungu amadzawedza ndi mbedza zovekedwa nthenga ndi ulusi, zomanga okha. Akagwira nsomba amaijambula n'kuibwezera m'madzi. Ndilo lamulo la loji. Poyamba ndinkaliseka, koma ndinafika polizolowera kuposa eni ake.

Zaka zitatu zapitazo kunabwera Eskil wa ku Norway, munthu wabwino koma wa manja osakhazikika. Nthenga, ubweya wa mbuzi, chilichonse ankatola kuti amangire mbedza. Ine ndi amalume tinapita naye kumtunda kwa mtsinje, kumene pakati pa mitengo yomera m'madzi pali kachilumba ka manda a Shehe wina wakale. Anthu amafukizapo lubani, ndipo mandawo ndi ofunditsidwa nsalu yobiriwira. Tinaima pamenepo kuti timwe khofi. Ife tikuswali, maso ali pa pemphero, Eskil anasolola ulusi m'mphepete mwa nsaluyo. Sitinamuone.

Masana anaponya mbedza yatsopano. Isanamire n'komwe, chinsomba chasiliva chinailuma, chinathamanga nayo, chingwe n'kuduka.

"Imeneyi mwamangira chiyani, bwana?" anafunsa amalume akuseka. "Mutiuzeko, nafenso titchuke."

Eskil analoza kuchilumba monyadira n'kufotokoza. Kuseka kunathera pomwepo.

"Tembenuza boti, mphwanga," anatero amalume. "Pompano."

Ndinatembenuza. Nkhungu inatsika, chikhalirecho sinali nyengo yake. Njira imeneyo ndaiyenda kuyambira ndili mwana: kumanzere kawiri, kumanja kamodzi, wafika pa loji. Ndinakhota momwemo. Tinatulukira pa manda.

"Ukuwodzera kodi iwe?"

"Amalume, ndakhota bwinobwino."

"Tasuntha, ndiyendetse ndekha."

Anayendetsa okha. Kumanzere kawiri, kumanja kamodzi. Manda.

Kachitatunso, manda.

Mbalame zinaleka kulira. Fungo la lubani linadzaza m'boti, koma pachilumba panalibe moto. Madzi anali akuphwa, matope akuda akutuluka mbali zonse. Ndinayatsa wailesi kuti ndiitane ku loji. Munkangomveka kupuma kwa munthu. Ndinazimitsa. Kupumako sikunaleke.

Kenako china chake chinagogoda kunsi kwa boti. Katatu. Zii. Katatunso.

Sindibisa, ndinaopa.

"Ndigula nsalu yatsopano," ananong'ona Eskil. "Auzeni. Yaikulu."

"Safuna yatsopano," anayankha amalume. "Akufuna ulusi wawo."

Ulusiwo unali kukamwa kwa nsomba, kwinakwake pansi pa madzi.

Amalume chaka chimenecho anali atalembetsa ulendo wa ku Makka, umene anaudikira moyo wawo wonse. Anakhala kanthawi akuyang'ana ine, akuyang'ana mlendo. Kenako anatsika m'boti, matope akuwafika m'ntchafu. Anavula nduwira yawo n'kuiyala pa manda.

"Shehe, alekeni awa apite. Mlendo ndi wanga, mlandu ndi wanga. Sindichoka pamtsinje pano ndisanabweze ulusi wanu."

"Amalume, musalumbire!"

Ndinachedwa. Kugogoda kunaleka. Nkhungu inayamba kuyera, ndipo denga la loji linaoneka patsogolo pathu, pafupi ndithu.

Eskil anapita kwawo m'mawa mwake, osatsanzika bwino. Sindinamukhululukirebe. Amalume anasokerera ulusi wina pansaluyo, naganiza kuti zatha. Tsiku la ulendo wa ku Makka litakwana anakwera galimoto ya loji. Inazima pa chitunda choyamba. Anatsika, inalira. Anakwera, inazima. Dalaivala wathu Mahad alipo, mukamufunse. Amalume atatopa anati apita wapansi. Anayenda tsiku lonse msewu wopanda mphambano, dzuwa likulowa n'kudzapezeka ali pa geti ya loji. Anakhala pansi n'kulira ngati mwana. Ukwati wa mwana wawo Tuful ku Salalah anauonera pa foni.

Chiyambire pamenepo amawedza tsiku lililonse, ndipo nsomba iliyonse amaiyang'ana kukamwa. Aonda, tsitsi layera. Anzawo amene analembetsa nawo anapita ku Makka n'kubwerako kalekale.

Mwezi watha ndinatenga mayi wina wa ku Scotland. Amalume tsiku limenelo anali ndi boti lina. Mayiyo anagwira chinsomba chasiliva pafupi ndi chilumba chija, nachikumbatira akukuwa ndi chimwemwe. Anandipatsa foni kuti ndimujambule. Ndinajambula, maso ali pa madzi amene ankakankhira boti kumiyala, pakamwa panga pakutuluka mawu amene ndimanena kakhumi pa tsiku.

"Bwezani msanga, mayi, ingafe!"

Anabweza.

Pa chakudya chamadzulo anandionetsa chithunzi chija, atachikulitsa ndi zala. Pakona pa kamwa la nsomba panali mbedza ina, yadzimbiri. Ulusi wake unali wobiriwira ngati wachapidwa dzulo.

Ndinatuluka panja. Amalume anali padoko akukulunga chingwe chawo.

"Lero zayenda bwanji, mphwanga?"

"Palibe chachilendo, amalume."

Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Nanga manja akowa akununkhiranji lubani?"

Mpaka lero sindinawauze. Ndasamba ndi sopo, ndi mchenga, ndi petulo. Fungolo silikuchoka.