Diresi Lachikasu la Kabatani

Ndili wamng'ono, amayi ankanditchula kuti Kabatani. Ndinali wamfupi. Ndinali wonenepa. Ndipo ndinkakonda kusowa pansi pa tebulo.

Ndinkafuna chinthu chimodzi basi. Ndinkafuna diresi langalanga. Madiresi anga onse anali osiyiridwa ndi achemwali.

Amayi anali telala. Ankasokera m'kachipinda kakang'ono. Munali makina osokera. Munali tebulo lositirapo. Munali dengu la tizidutswa ta nsalu. Mpaka lero ndimakasowa kachipinda kaja.

Amayi sankataya kansalu. Mpando ukagwedera, ankaumanga ndi kansalu. Ndowa ikadontha, kansalu. Chala chikachekeka, kansalu.

Tsiku lina chingwe cha simbi ya magetsi chinang'ambika. Timawaya tinaonekera. Mwadziwa kale zimene amayi anachita. Anachikulunga ndi kansalu ka maluwa.

"Taona, chakongola," anatero amayi.

Loweruka m'mawa, amayi anamaliza kundisokera diresi. Linali lachikasu. Linali langalanga!

Analiyala patebulo. Anayatsa simbi kuti alisite. Pomwepo kasitomala anaodira pakhomo, ndipo amayi anatuluka.

Ine ndinakhala pansi pa tebulo. Diresi linkalendewera pafupi ndi chingwe. Ndinkangoliyang'ana, mtima uli mbee.

Kenaka ndinamva kuti the, the, the. Ndinamva fungo la chinthu chopserera. Kansalu ka maluwa kankafuka utsi. Kamoto kanagwira m'munsi mwa diresi langa.

Ndinafuna kulikoka. Koma chingwe chinkathetheka. Sindinagwire kanthu. Ndinathamangira panja.

"Amayi! Moto! Chingwe chikuyaka!"

Achimwene anathamanga ndi ndowa ya madzi. Ndinawakakamira mwendo.

"Madzi ayi! Aphunzitsi anati pa magetsi sathirapo madzi!"

Amayi anathamangira pa swichi yaikulu ya nyumba. Anathimitsa magetsi onse. Kenaka anavundikira kamoto kaja ndi bulangeti lochindikala. Moto unazima.

Masana kunabwera amalume. Iwo ankagwira ntchito yokonza magetsi. Anaona chingwe chija. Anapukusa mutu.

"Mlongo wanga, chingwe si buluku," anatero amalume. "Sichifuna chigamba. Chikang'ambika, timachisintha."

Achimwene anaseka. Amayi sanaseke. Anayang'ana dengu la nsalu. Linali pafupi kwambiri ndi chingwe. Analinyamula n'kuliika kutali.

Amalume anaika chingwe chatsopano. Koma diresi langa linali litapsa m'munsi. Ndinalira kwambiri.

"Bwera kuno, Kabatani," anatero amayi.

Anadula mbali yopsa ija. Anatenga singano kuti apinde m'munsi. Anayesa kulowetsa ulusi. Unakana. Anayesanso. Unakananso.

"Ndipatseni, amayi," ndinatero.

Ndinanyambita ulusi. Ndinatsinzina diso limodzi. Ulusi unalowa!

Amayi anandikumbatira. Anandikumbatira nthawi yaitali.

"Ndinalakwitsa, mwana wanga," anatero. "Wachita bwino kukuwa."

Kenaka anasoka pang'onopang'ono, ine nditakhala pamiyendo pawo.

"Tilichape kaye," anatero atamaliza. "Likununkha utsi."

Ndinakana. Ndinalivala pomwepo, makwinya ali thoo. Ndinazungulira kamodzi. Ndinazunguliranso. Amalume anaomba m'manja, achimwene anaimba likhweru, ndipo amayi anaseka mpaka kupukuta misozi.