Mwala pa Mphika wa Nandolo

Tithokoze ankakhala pa esiteti ya fodya ku Kaluluma. Makolo ake anachokera ku Phalombe, kutali kwambiri. Nyengo ya Pasaka inafika. Anzake onse anali ndi abale owachezera. Tithokoze analibe.

"Ine ndikufuna mlendo wanga," anatero Tithokoze.

Lachisanu Loyera m'mawa, kabaza anaima pa chigafa cha fodya. Panatsika mayi wina wamtali. Ananyamula thumba lakale la fetereza wa makuponi. Amayi a Tithokoze ankasoka fodya m'chigafamo. Atamuona, anataya masamba onse pansi.

"Mayo ine! Kodi ndi a..."

"Shii!" anatero mlendo, chala chili pakamwa.

Amayi anaseka. Amayi analira. Koma dzina sanalitchule.

Tithokoze anagwada. "Muli bwanji? Kodi inu ndinu ndani?"

"Dzina langa lili m'thumbamu," anatero mlendo.

Tithokoze anasuzumira m'thumba. Munali kamphika kadothi. Munali kansalu. Munalinso njere za nandolo zouma gwa!

"Nandolo wakwathu," Amayi ananong'ona.

Mlendo ananyowetsa kansalu. Tithokoze anakulunga njere m'kansalumo. Anaika m'kamphika. Abambo anabweretsa mwala wathyathyathya. Anavundikira kamphikako pakona pa chigafa.

"Awa ndi manda," anatero mlendo. "Usachotse mwala mpaka Lamulungu. Ukadikira, ndikuuza dzina langa. Ukatsegula msanga, ndibwerera nalo."

"Ndidikira," anatero Tithokoze.

Loweruka, Tithokoze anakhala pafupi ndi kamphika. Pamwamba pake masamba a fodya ankalendewera. Mphepo inkawagwedeza pang'onopang'ono. Tithokoze anagunditsa khutu pamwala. Munali zii.

Kenako mnzake Gomezgani anabwera akukukuta chimanga chootcha.

"Iwe, ukulondera mwala?" anafunsa Gomezgani. "Ukuopa kuti uthawa?"

"Muli nandolo. Akugona."

"Akugona? Wafa ameneyo! Tsegula tione. Palibe akutiona."

Tithokoze anayang'ana uku. Anayang'ana uko. Amayi anali kumjigo. Abambo anali kumunda. Dzanja lake linakhudza mwala. Mwala unali wozizira.

Anabweza dzanja. Analikhalira.

"Ayi. Ndikufuna dzina."

"Dzina amadya?" anatero Gomezgani. Koma sanachoke. Naye anagunditsa khutu pamwala.

Lamulungu, dzuwa linatuluka lofiira psuu. Mame anali mbuu m'minda yonse ya fodya. Kutali, belu la kutchalitchi linalira. Amayi ena ankaimba mumsewu, atavala zoyera.

Onse anapita kuchigafa. Amayi anapita. Abambo anapita. Mlendo anapita. Gomezgani anafika akuthamanga, asanasukusule n'komwe.

"Chotsa mwala, mwanawe," anatero mlendo.

Tithokoze anakankha mwala. Unali wolemera. Anakankhanso. Mwala unagwa, khu!

Anafunyulula kansalu pang'onopang'ono.

Njere zinali zitang'ambika. Njere iliyonse inali ndi kamuzu koyera. Kamuzu kakang'ono ngati dzino la mwana. Palibe anazikhudza. Palibe anaziona. Zinadzuka zokha mumdima.

"Zauka," ananong'ona Tithokoze.

"Zaukadi!" anakuwa Gomezgani. "Aa, zaukadi!"

Abambo anavula chipewa. Amayi anayamba nyimbo motsitsa mawu.

Anadzala njerezo kuseri kwa nyumba. Tithokoze ankaboola dothi ndi chala. Gomezgani ankakwirira.

"Chaka chamawa tidzachitanso?" anafunsa Tithokoze.

"Chaka chilichonse," anayankha Amayi. "Kulikonse kumene tidzakhale. Kamphika n'kako tsopano."

Tithokoze anasasa dothi m'manja. Anaima pamaso pa mlendo.

"Ndadikira," anatero. "Sindinatsegule."

"Ndikudziwa," anatero mlendo. Anagwada kuti afanane msinkhu. "Ine ndine mkulu wawo wa amayi ako. Ndine mayi ako aakulu. Tsiku limene unabadwa, ndinakulandira ndi manja awa. Ndinalibe mphatso. Ndiye ndinakupatsa chinthu chimodzi chimene ndinali nacho."

"Chiyani?"

Mlendo anamukumbatira. Anamunong'oneza m'khutu.

"Dzina langa. Inenso ndine Tithokoze."