Kaseti ya Bambo Kalino

Loweruka lililonse, anthu akaweruka ku fodya, pakomboni pathu pafupi ndi tauni ya Concession timaonera kanema mu shedi yakale. Anayambitsa zimenezi ndi bambo anga, a Kalino. Ali pamgodi ku Mhangura, mnzawo wina Mmwenye anawasiyira katoni ya makaseti a mafilimu a Chitelugu. Chiyankhulocho sankachimva ngakhale liwu limodzi, koma ankaima pambali pa TV n'kumamasulira molimba mtima, anthu n'kumaseka mpaka misozi.

Achinyamata amakonda atsopano a pafulashi, momwe mnyamata mmodzi amakwapula anthu makumi asanu kenako n'kuvina paphiri. Akuluakulu amafuna filimu ina yakale yopanda mitundu, ya mfumukazi yothamangitsidwa kunyumba yachifumu. Kasetiyo inatafunidwa kumapeto. Ikafika pamene mfumukazi yaima pamtsinje, chithunzi chimangoti waa. Bambo ankati, "Zotsalazo mlungu wamawa." Anatero zaka makumi atatu, mpaka tinawaika mu Juni.

Maliro atatha, mayi Georgina, anzawo a kukwaya, anandiuza mosabisa. "Emelia mwanangu, ukalephera kumasulira iwe, bhaisikopo ya mu shediyi yafera pomwepa."

Loweruka lotsatira madzulo kunali kachisanu, ana akukazinga chimanga pakhomo. Jealous, msuweni wanga, analumikiza mawaya kubatire. Mpando wa bambo tinausiya pamalo pake. Ndinaima pambali pa TV. Filimu ya mfumukazi ija inayamba, mfumu ikuyankhula, koma ine pakamwa gwa. Ndinachita mantha, ndinachitanso manyazi. Kumbuyo ena anayamba kunyamula mabenchi.

Kenako ndinamva fungo la fodya wopera wa bambo. Mpando uja unalira ngati wakhalidwa. Wina anatsokomola kawiri pafupi ndi khutu langa.

"Nena kuti mfumuyi yakwiya chifukwa tiyi wazizira."

Ndinanena. Shedi yonse inaphulika ndi phwete. Mawuwo anapitiriza kunong'ona, ine n'kumabwereza. Sindinacheuke.

Tinafika pamtsinje paja. Tinadikira waa uja, koma sanabwere. Mfumukazi inalowa m'madzi, inaoloka. Kutsidya kunali mwana wake, atakula, ng'oma zikulira. Anakumbatirana. Palibe anatafuna chimanga. Kunong'ona kunali kutasiya, ndipo mawu omalizawo ndinamasulira ndekha, ndikulira.

Titayatsa nyali, Jealous anandikoka dzanja. "Sisi, tarisai, taonani." Waya umodzi unali pansi pafumbi, kutali ndi batire. Anati anauzula yekha atapunthwa filimu ili pakati, koma ataona chithunzi chikuyendabe anaopa kuugwira.

M'mawa tinaiyesanso kasetiyo. Pamtsinje, waa.

Kumpopi amanong'onezana zosiyanasiyana. Ena amati batire inasunga moto m'mawaya. Mayi Georgina amangopukusa mutu. "Kalino anali wabodza, koma sankaphwanya lonjezo. Mlungu wamawa uja unakwana."

Ndikumasulirabe mpaka lero, ndipo shedi imadzaza. Mpandowo sunalirenso. Komabe ndimaupukuta Loweruka lililonse, ndipo ndikanama bwino, anthu n'kuseka, ndimayamba ndauyang'ana.